Kodi Mumadziwa? Ku Kafue Makina Anazima Koma Chipatala Sichinatseke Geti

Kodi mumadziwa kuti tauni ya Kafue, imene ili makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka, anachita kuikonza dala kuti ikhale ya mafakitale? Njanji inafika kuno mu 1906, chaka chimene anamanga mlatho wa sitima wodutsa mtsinje wa Kafue, wotalika mamita oposa 400. Koma Kafue amene ambiri akumudziwa anakula dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964. Boma la Kenneth Kaunda, kudzera m'bungwe lake la Indeco, linabweretsa mafakitale m'mbali mwa njanjiyo, ndipo nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwa kuti muzikhala antchito ake.

Nanga mumadziwa kuti fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia (NCZ) inakhazikitsidwa mu 1967 n'kuyamba kupanga katundu mu 1970? Kupatula feteleza, inkapanganso mankhwala amene migodi ya ku Copperbelt inkaphulitsira miyala. Pafupi pomwepo panali Kafue Textiles, kumene kunkachokera zitenje zimene amayi athu ankatchena nazo. Mabanja masauzande ankadya za mafakitale awiriwa. Zinthu zinatembenuka pambuyo pa 1991, pamene boma la Frederick Chiluba linatsegula malonda ndi kuyamba kugulitsa makampani a boma. Salaula ndi nsalu zotchipa zakunja zinadzaza m'misika. M'zaka za m'ma 2000 makina a Kafue Textiles anazima, ndipo amene ankagwira ntchito kumeneko anatha zaka akulondola ndalama zawo. NCZ ilipobe, koma antchito ake ndi ochepa poyerekeza ndi kale.

Pa zaka zonse zovutazo, kodi munaonapo chipatala chikupachika chikwangwani choti chatseka chifukwa malonda sakuyenda? Kampani ikaona kuti phindu latha imanyamula makina n'kupita kumene magetsi ndi antchito n'zotchipa. Chipatala sichingatero. Odwala ake ali konkuno, nyumba zake zili konkuno, ndipo chuma chikavuta m'pamene mzere wa odwala umatalika. Akatswiri a zachuma amaika zipatala m'gulu limodzi ndi mayunivesite ndi makoleji: mabungwe akuluakulu amene sasamuka, amene amalemba anthu ntchito ndi kugula katundu chaka ndi chaka, mvula igwe kaya isagwe. Kuno bungwe lotere ndi Kafue General Hospital, chimene kale chinali chipatala chaching'ono cha boma chisanakwezedwe, pamodzi ndi zipatala zazing'ono monga za ku Nangongwe, Estates ndi Chanyanya. Zonsezi zimathandiza anthu oposa 200,000 a m'boma la Kafue.

Kodi mumadziwa kuti zimene zinachitikira Kafue zinachitikiranso mzinda wa Pittsburgh ku America? Kumeneko kunali kuchimake kwa zitsulo, mpaka mafakitale ambiri anagwa m'zaka za m'ma 1980. Lero bungwe la zipatala la UPMC lili ndi antchito pafupifupi 100,000, ndipo palibe bungwe lina losakhala la boma limene limaliposa polemba anthu ntchito m'chigawo chonse cha Pennsylvania. Nyumba yaitali kuposa zonse mumzindawo ndi U.S. Steel Tower, imene inamangidwa ndi kampani ya zitsulo. Dzina limene likuwala pamwamba pake panopa ndi la UPMC. Kafue si Pittsburgh, ndipo chipatala cha boma sichidzakhala ndi ndalama zotere. Komabe funso loti tauni ya mafakitale imadya chiyani mafakitale akafooka ndi limodzimodzi.

Mumadziwa kuti dokotala ndi namwino ndi gawo chabe la anthu amene amalandira malipiro pachipatala? Pali azamba, makiliniko ofesa, a kulabotale, a kufamase, ojambula mafupa, osunga mafayilo, owerengera ndalama, ophika, ochapa, osesa, alonda, madalaivala a ambulansi, okonza mapaipi ndi magetsi, ndi a kumochale amene sitimakonda kuwatchula. Ambiri mwa iwowa malipiro awo amachokera ku thumba la boma ku Lusaka. Ndiye kuti mwezi uliwonse ndalama zochokera kunja kwa tauni zimalowa m'Kafue popanda Kafue kugulitsa thumba la feteleza ngakhale limodzi.

Tailondoleni ndalamayo. Namwino akalandira, choyamba ndi lendi, ndipo landilodi wake angakhale mkulu amene anapuma ntchito ku Textiles n'kumangako zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yake ku Shikoswe. Kenako thumba la ufa, makala, mayunitsi a magetsi, fizi ya mwana, malipiro a mtsikana wolera khanda iye akakhala pa ntchito ya usiku. Ina imapita ku chilimba cha anzake a pawodi, ndipo amene walandira mwezi umenewo amagula malata kapena simenti pa hadiweya ya m'tauni momwemo. Mkulu wa lendi uja naye amakabweza ngongole pa kantemba, wakantemba n'kukaoda katundu wina. Kwacha imodzimodzi yadyetsa nyumba zinayi isanatuluke m'tauni. Mabanki ndi makampani obwereketsa ndalama amazidziwa bwino izi, n'chifukwa chake amathamangira munthu wa pesilipi ya boma. Kuipa kwake n'koti ena mwezi umatha atatsala ndi zochepa kwambiri, zambiri zitadulidwira ngongole asanazione n'komwe.

Kodi mumadziwa kuti mu 2022 boma la Zambia linalemba ntchito azaumoyo 11,276 nthawi imodzi? Ambiri anaona nkhaniyi ngati ya odwala okha. Inalinso nkhani ya malonda, chifukwa aliyense mwa anthuwa anafika kumene anatumizidwa akufuna nyumba, bedi, mbaula ndi mapoto.

Ndipo mumadziwa kuti pa dziko lonse, mwa anthu 10 alionse ogwira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu, pafupifupi 7 ndi akazi? Izi n'zimene bungwe la WHO limanena. Mafakitale a feteleza ndi zitsulo amalemba kwambiri amuna. Chipatala chimaika malipiro a pamwezi m'manja mwa amayi, ndipo aliyense amene anakulira pakhomo la namwino angakuuzeni kuti ndalama ya mayi imafika msanga m'mbale ndi kusukulu.

Tsiku lina mudzaime pageti la chipatala nthawi yoona odwala ikamayandikira, musalowe, mungoyang'ana. Mayi wina wayala nthochi ndi malalanje pa thumba, mnzake ali ndi baketi ya vitumbuwa yovundikira ndi nsalu. Mnyamata wa m'kabuthi ka Airtel Money sakupuma, chifukwa achibale a kumudzi atumiza ya thiransipoti ndi ya mankhwala amene m'kati mulibe. Wa takisi wazimitsa injini kudikira amene atulutsidwe lero. Bambo wina akutsika minibasi atanyamula kontena ya nsima yokulunga m'chitenje kuti isazizire, ndi fulasiki ya tiyi kukhwapa. Wodikirira wodwala amene wagona pansi masiku angapo watuluka kudzagula sopo ndi mayunitsi a foni. Anthu onsewa sali m'kaundula wa antchito a chipatala, koma chipatala chitachoka lero, mawa lake nawonso sangapezeke pamenepo.

Kodi mumadziwa kuti mwana asanabadwe amakhala atayamba kale kuyendetsa malonda? Mayi woyembekezera akamakonzekera ulendo wa kumateniti amasonkhanitsa baketi, zitenje zingapo, pulasitiki yoyala pabedi, thonje, Jik, matewera, bulangete ndi tizovala ta khanda. Zambiri mwa izi amagula pamsika wa m'tauni momwemo. Kumapeto kwa moyo nakonso kuli malonda ake: kalipentala wa mabokosi, woluka nkhata za maluwa, mwini galimoto yonyamula maliro, wobwereketsa matenti ndi mipando. Ena amanyansidwa kumva zimenezi zikutchedwa bizinesi. Ine ndimati bola bokosi likhomedwe ndi mnyamata wa ku Zambia Compound kusiyana n'kuti banja lofedwa likalitenge ku Lusaka n'kulipiranso galimoto.

Mumadziwa chifukwa chake masukulu a unamwino amamangidwa pafupi ndi zipatala? Dipuloma ya unamwino m'Zambia imatenga zaka 3, ndipo wophunzira sangamalize popanda kugwira odwala enieni m'mawodi. Popanda chipatala chophunzirirapo, sukulu yotere siingayende. N'chifukwa chake Kafue ili ndi masukulu a zaumoyo monga Kafue Institute of Health Sciences and Research. Wophunzira aliyense wochokera ku Mongu, Kasama kapena Chipata amabwera ndi ndalama za makolo ake. Amalipira malo ogona, amasoketsa yunifolomu kwa telala, amafotokopetsa manotsi, amadya tchipisi madzulo. Funsani eni nyumba zogonamo ophunzira mmene zinthu zimakhalira sukulu zikatsekera.

Koma pali mbali ina yowawa. Masukulu akutulutsa anamwino ndi madokotala ambiri kuposa amene boma likutha kulemba ntchito. M'zipatala zambiri za m'Zambia muli achinyamata ophunzira bwino amene akugwira ntchito mongodzipereka, opanda malipiro, podikira kuti mwina dzina lawo lidzatuluka. Woteroyo amachiza odwala, koma lendi akumulipirira ndi makolo. Chipatala chimakoka chuma cha tauni pokhapokha amene akugwiramo ntchito akulandira.

Kodi mumadziwa kuti madera ena kwathu kuno anakula chifukwa cha chipatala basi? Tsidya la mtsinje, cha ku Southern Province, a Salvation Army anatsegula mishoni ya Chikankata mu 1945, chipatala n'kutsatira mu 1947. Panabwera sukulu ya sekondale, sukulu ya unamwino, msika ndi nyumba za antchito, ndipo lero Chikankata ndi dzina la boma lathunthu. Mu 1987 chipatala chomwechi chinayambitsa ntchito yoyendera ndi kusamalira odwala Edzi kunyumba kwawo, njira imene mayiko ena anabwera kudzaphunzira. Ku Katete, chipatala cha St Francis chinayamba mu 1948, ndipo chimalandira odwala ochokera m'maboma ambiri a Eastern Province. Ku Malawi nkhani ndi yomweyi: Nkhoma, kumene chipatala chinayamba mu 1915, Ekwendeni, Embangweni ndi Malamulo ndi malo amene msika ndi magolosale zinachita kutsatira mishoni ndi odwala ake. M'Zambia zipatala za mipingo zili pansi pa bungwe la CHAZ, lomwe linakhazikitsidwa mu 1970.

Nanga za msewu? Kafue ili pa msewu waukulu wa T2. Mukangowoloka mlatho kupita kummwera, msewu umagawikana: wina wa ku Chirundu kumalire ndi Zimbabwe, wina wa ku Mazabuka mpaka ku Livingstone. Mathiraki ndi mabasi amadutsa usana ndi usiku. Ngozi ikachitika m'dera limeneli, ovulala amathamangitsidwira ku chipatala chapafupi kaye, ovulala kwambiri n'kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Mwini fakitale aliyense amene akuganiza zoika ndalama zake m'Kafue, kaya ndi ya zitsulo ngati Kafue Steel kaya ya zikopa, amafunsa za magetsi, madzi ndi msewu. Amafunsanso kuti wantchito wake akapsa kapena akadulidwa ndi makina adzathamangira naye kuti.

Kodi mumadziwa kuti kolera imatseka misika? Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unagwira anthu oposa 20,000 m'Zambia n'kupha oposa 700. Bwalo la masewero la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024 zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Pa mliri wa 2017 mpaka 2018 asilikali anachotsa ogulitsa malonda m'misewu ya Lusaka. Wogulitsa nsomba za ku Chanyanya, wophika nsima pamsika ndi wosoka mayunifolomu onse amaluza pa nthawi yotere ngakhale iwo eni asadwale. Ofesala wa zaumoyo amene amayendera zitsime ndi kuthira klorini amateteza malonda a anthuwa kuposa mmene iwo amaganizira. Chodabwitsa n'choti gawo lalikulu la madzi a m'mipopi ya ku Lusaka limapopedwa kuno ku Kafue, pa malo oyeretsera madzi a Iolanda, pamene m'makomboni ena a tauni yomweyi anthu akudalirabe zitsime zosaya.

Za magetsi n'chimodzimodzi. Kumunsi kwa mtsinje wa Kafue kuli malo opangira magetsi a Kafue Gorge Upper, a mamegawati 990, ndi Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750. Koma chilala cha 2024 chinachepetsa madzi m'madamu moti madera ena ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Firiji ya katemera, magazi osungidwa, chipinda cha opaleshoni ndi mochale sizidikira kuti magetsi abwere. Dizilo wa jenereta amadya ndalama imene ikanagula zina. Apa pali ntchito ya achinyamata amene aphunzira kuika ndi kukonza magetsi a sola.

Mumadziwa mmene ndalama zimalowera m'chipatala cha boma? Ndalama zolipira pa chithandizo choyambirira zinachotsedwa m'madera akumidzi mu 2006, ndipo pofika 2012 zinachotsedwa m'dziko lonse. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa inshuwalansi ya zaumoyo imene imayendetsedwa ndi NHIMA. Wapantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana wake n'kuwonjezerapo 1 peresenti ina. Membala akathandizidwa, chipatala chimatumiza bilu ku NHIMA. Choncho wa ku Kafue amene amakalandira chithandizo ku Lusaka pa matenda oti akanathandizidwa konkuno amasamutsira ndalamayo ku Lusaka, kuphatikiza ya minibasi. Inde, munthu amapita kumene akukhulupirira kuti akachira, ndipo chikhulupiriro chimenecho chipatala chimachita kuchigwirira ntchito.

Kodi mumadziwa kuti mu 2001, pa msonkhano wa ku Abuja, mayiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti yawo ku zaumoyo? M'zaka za 2023 mpaka 2025 Zambia inkaika pakati pa 10 ndi 12 peresenti.

Tsopano pamene ndalama imathawira. Mankhwala a m'zipatala za boma amagulidwa ndi kugawidwa ndi bungwe la ZAMMSA, limene linalowa m'malo mwa Medical Stores Limited, ndipo ambiri amachokera kunja, makamaka ku India. Pamenepo wamalonda wa ku Kafue alibepo gawo, ndipo n'zomveka, chifukwa mankhwala sagulidwa mwachisawawa. Chomvetsa chisoni ndi ndalama imene imathawira m'matumba a akuba. Mu Meyi 2025 kazembe wa America ku Zambia, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa mankhwala operekedwa ulere ankapezeka akugulitsidwa m'mafamase m'dziko muno. Wogula mankhwala obedwa amalipira chinthu chimene chinali chake kale.

Koma chipatala sichigula mankhwala okha. Chimafuna ufa, nyemba, kabichi, mazira, nkhuku, mafuta ophikira, sopo, matsache, mapepala, mashiti a pabedi, makatani, mabenchi, penti, ndi wina woti akonze ambulansi ikawonongeka. Palibe chimodzi mwa izi chimene anthu a ku Kafue sangathe kulima, kusoka, kukhoma kapena kukonza. M'tauni imene inali ndi fakitale ya nsalu muli anthu odziwa ulusi ndi makina mpaka lero.

Kodi mumadziwa kuti kwina anachita kukonza dala kuti ndalama zotere zisamatuluke? Ku Cleveland, ku America, zipatala za Cleveland Clinic ndi University Hospitals pamodzi ndi yunivesite ya Case Western Reserve zili pakati pa madera a anthu osauka. Mu 2008 mabungwewa anagwirizana ndi ena kuyambitsa Evergreen Cooperatives, makampani amene eni ake ndi antchito omwewo. Yoyamba, imene inatsegulidwa mu 2009, inali yochapa zovala ndi mashiti a m'zipatala. Mu 2018 Cleveland Clinic inapereka ntchito yoyendetsa malo ake aakulu ochapira kwa koparetivu yomweyo. Ku Preston, ku England, mabungwe akuluakulu a mumzindawo atawerengera anapeza kuti pa ndalama zimene ankagulira katundu, 5 peresenti yokha ndi imene inkatsala m'Preston. Atasintha kagulidwe, pofika 2017 inakwera kufika pa 18 peresenti. Bajeti sanaiwonjezere. Anangoyamba kufunsa kuti katunduyu tikugula kwa yani, ndipo makontirakiti akuluakulu ogulira katundu anawagawa m'zigawo zoti wamalonda wamng'ono angakwanitse.

Kwathu kuno lamulo silikuletsa zimenezi. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2020 limapereka mpata woyamba kwa nzika za Zambia. Chovuta n'choti ofesi ya boma siigula kwa munthu wopanda mapepala, ngakhale kabichi wake akhale wamkulu bwanji. Pamafunika kulembetsa bizinesi ku PACRA kapena kulembetsa koparetivu, kukhala ndi TPIN ndi chikalata cha msonkho cha ZRA, kulembetsa ku ZPPA, ndi akaunti ya kubanki. Pamafunikanso mpamba wopirira nawo, chifukwa boma limatha kuchedwa kulipira, ndipo mlimi mmodzi payekha sangadikire miyezi. Apa m'pamene gulu limaposa munthu mmodzi. Chinanso, chipatala chimafuna katundu sabata iliyonse, osati nthawi yokolola yokha, ndiye alimi a m'mbali mwa mtsinje amene ali ndi madzi chaka chonse ali ndi mwayi woposa anzawo.

Nanga mpamba uchokera kuti? Mumadziwa kuti thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe? Mbali ina ya ndalamazi ndi ya magulu a amayi, achinyamata ndi makoparetivu, ina ndi yolipirira maphunziro a ntchito zamanja, ina ndi yomangira zinthu monga zipatala zazing'ono ndi nyumba za anamwino. Zofunsira zimadzera ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu. Magulu ambiri amapempha ndalama zoweta nkhuku asanadziwe amene adzagule nkhukuzo, pamene wogula amene sasamuka ali m'tauni momwemo.

Inu a m'makoparetivu a ku Kafue, konzani mapepala anu, mupite ku ofesi yogula katundu ya chipatala ndi ya khonsolo mukafunse zimene amagula, nthawi imene amaitanitsa mitengo, ndi zimene amafuna kwa wogulitsa. Ndipo khansala wanu akadzaitanitsa msonkhano, mudzamufunse kuti pa ndalama zimene zipatala za m'boma lino zinagulira chakudya ndi zipangizo chaka chatha, zingati zinalipidwa kwa anthu a ku Kafue.